Kumanzere Kwanga

Lolemba, 4 Juni 2018

Andigoneka lero masana, wodi ya amuna, bedi lachisanu kuchokera kukhomo. Kope ili wandigulira Jenifa, mwana wanga, pageti la chipatala. Akuti ndizilembamo zonse zimene madokotala akunena, chifukwa iye akamafika kuchokera kuntchito ku Limbe ndimakhala nditaiwala theka. Ndikulemba zilembo zikuluzikulu ngati mwana wa sitandade wani. Mzere ukatha ndimayamba ndatembenuza mutu wonse kuti ndipeze poyambira wina.

Anesi andifunsa za pafomu. Venansio Alufandika, zaka 71, wokhala ku Chilomoni, kwathu ku Nsanje. Ntchito ndinapuma. Zaka 33 ndinali ku Makata, kukampani yosindikiza mabuku, ndikuwerenga masamba asanapite kumakina, kusaka zolakwika. Atafika pa dzina la mkazi ndinatchula bwinobwino, iwo n'kulemba, kenaka ndinawapempha kuti afufute. Magdalena anamwalira pa 21 Epulo. Pakamwa sipanazolowere.

Bipi 158/94. Shuga 6.1. Sikelo 61.

Chiperoni chagwa kuyambira m'mawa. Bulangeti ndi limodzi. Jenifa wapita kukanditengera lina kunyumba, pamodzi ndi mkeka wake, poti gadiyani wanga ndi iyeyo.

Lachiwiri, 5 Juni

Raundi ya madokotala, 9 koloko. Dokotala Rafaeli, wamtali, wolankhula mosathamanga, anandionetsa chithunzi cha sikani ataimika pazenera. Ndilembe monga ananenera.

Chotupa chili pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pakati penipeni pa mutu. Masentimita atatu, ngati ndimu yaing'ono. Akuganiza kuti si khansa. Vuto lake n'lakuti chikukankha pamphambano pamene mitsempha ya maso awiri imadutsana, ndiye kuona kumayamba kutha m'mbali, pakati n'kutsala. Ndinati, "Ngati chiswe m'buku, chimayambira m'mphepete." Anati ndi momwemo, ndipo chiswe chake chatsala pang'ono kufika pa mawu.

Kwabwera madokotala ochokera kunja ndi zipangizo zawo. Akhala masabata awiri, abwerera pa 16. Ine andiika pa Lachiwiri likubwerali. Sadzandimeta, sadzatsegula chigaza. Adzalowetsa m'mphuno kachitsulo kowonda ngati pensulo, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, adzaboola kafupa ka kuseri, n'kumachotsa chotupacho pang'onopang'ono akuyang'ana pa kanema. Akuti kwa anthu a msinkhu wanga njira imeneyi ndi yopepukirako. Magazi satayika ambiri, munthu amadzuka msanga.

Zoopsa zake sanabise. Mtsempha waukulu wa magazi uli pafupi. Madzi a muubongo akhoza kumadontha m'mphuno. Mtima wa zaka 71 ukhoza kukana mankhwala ogonetsa. Ndikapanda kuchitidwa, Khirisimasi idzandipeza ndili wakhungu.

Andisiyira fomu yoti ndisaine. Ili pansi pa pilo.

Bedi la kumanja kuli a Hussain a ku Ndirande, okhoma zidebe ndi mbaula. Iwo chotupa chawo n'chachikulu, chili chapamwamba, kachitsulo ka m'mphuno sikangafikeko. Awauza kuti awatsegula chigaza Lachitatu la sabata ya mawa. Dokotala atachoka anadzuka n'kutsamira chigongono.

"Achimwene, inu ndiye bwana. Ine akuti andiswa ngati dzungu. Inu muli mwana amayi anu ankakuletsani kutokosa m'mphuno, lero azungu akwera ndege kudzakutokosani."

Ndinaseka. Koyamba chichokereni Epulo. Kenaka ndinachita manyazi.

Lachitatu, 6 Juni

Kuyezetsa maso. Amakuika chibwano pa kachitsulo, nkhope m'chinthu chonga beseni loyera, diso limodzi atalimata. Uyang'ane pakati osasuntha, ukaona kanyali paliponse udinize batani. Diso la kumanja ndinadiniza ndithu. La kumanzere ndinadiniza pang'ono, kenaka ndinangokhala, ndikudikira kuti apitirize. Mayi woyezayo anati, "Nyali zikuyakabe, agogo. Simukuziona?"

Pepala linatuluka ndi mabwalo awiri. Lililonse theka la kunja lakuda bii. La kumanzere mdima wadutsa theka. Ndinafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Anati tsiku sangalidziwe, koma mdima wotere sumera mwezi umodzi. Chaka, mwina ziwiri.

"Ambiri sazindikira," anatero. "Mumangoyesa dziko ndi lomwelo. Simunkagunda zitseko?"

Ndinkagunda. Magdalena ankati ndimayenda ndi buku m'mutu.

Amene anazindikira ndi Jenifa, pamaliro. Anthu ankandipatsa dzanja cham'mbali, ine osalandira. Ena anati chisoni, ena anati mwano. Iye anati tipite kuchipatala.

Magazi atenga mabotolo anayi. Mawa ayeza mtima.

Ndiwo zinali nyemba. Sindinadye.

Lachinayi, 7 Juni

Mtima akuti uli bwino molingana ndi zaka. Bipi 150/90. Awonjezera kapiritsi koyera ka m'mawa. Chotupa chafinya kachiwalo kamene kamatulutsa timadzi tolimbitsa thupi, ndiye kapiritsiko kakugwira ntchito m'malo mwake. Dzina lake ndalemba kuchikuto.

Lero ndili ndi mphamvu. Ndilembe zimene sindinauze ansembe, ngakhale Jenifa, mokwanira.

Magdalena analeredwa ndi agogo ake kwa Tengani, mwa chikale. Zaka 44 za ukwati sananditchulepo dzina, sanandiitanepo ali patali kapena ali chiimire. Akafuna kundiuza kanthu ine ndili pabuku, ankabwera mwakachetechete, n'kugwada pambali pa mpando, n'kudikira kuti ndidzutse maso. Titangofika ku Blantyre ndinkamuletsa. Ndinkati kuno n'kutauni, azingondiitana. Ankaseka: "Ndikuitaneni ngati nkhuku?" Ndinazolowera. Ndinene zoona, ndinkazikonda. Ndinkamuona cham'mbali asanafike n'komwe, ndipo nthawi zina ndinkachedwa dala kuti ndimalize ndime, iye akudziwa kuti ndamuona, tonse tikubisa kumwetulira.

Mpando wanga pakhonde umayang'ana kumsewu. Khomo la kukhitchini lili kumanzere. Khutu la kumanzere linagontha kalekale ndi makina a ku Makata.

Loweruka lija, pa 21 Epulo, Magdalena anateleka nyemba pambaula dzuwa litapendeka pang'ono. Ine ndinali pakhonde ndi buku la maulendo a panyanja, loti ndinaliwerengapo kale kawiri. Sitiroko inamugwira kukhitchini, inamulanda mawu ndi mwendo umodzi. Anakwawa. Mapazi khumi ndi awiri, ndinawerenga pambuyo pake. Anafika pamalo pake pomwe ankagwada. Chimene chinandidzutsa pabuku ndi fungo la nyemba zopserera. Nditatembenuka kuti ndiitane, ndinamupeza atagona cham'mbali, dzanja lili pafupi ndi mwendo wa mpando, maso ali pa ine.

Nyemba sizipserera msanga.

Kuchipatala anafunsa kuti zayamba nthawi yanji. Ndinati sindikudziwa. Anamwalira madzulo omwewo.

Lachisanu, 8 Juni

Kunabwera alamu anga a Petronela a ku Bangwe, mng'ono wake wa Magdalena. Chichokereni kumanda sanandilankhule. Anabweretsa mbatata yophika ndi tiyi m'fulasiki, anaika pakabati, anakhala pansi pamkeka wa Jenifa, benchi ilipo. Kale tinkanyozana monga achitira alamu. Iwo ankanditcha "akalaliki a madontho", ine ndinkati ndi mkazi wanga wachiwiri wosadziwa kuthira mchere. Lero ayi.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Pang'ono. Kaya inu?"

"Ife tadzuka. Amene sanadzuke ndi ena."

Jenifa anatulutsa pepala la mabwalo lija kuti awaonetse. Anakana kuligwira.

"Mapepala ndi anu ophunzira. Ine ndikudziwa zimene achemwali anandiuza ndi pakamwa pawo. Chaka chatha, mu Okutobala, anabwera ku Bangwe akulira. Akuti, bambo a Jenifa asiya kundiona. Ndimagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi, tiyi kuzizirira m'manja, iwo akungotembenuza masamba. Ndimadzuka ndekha n'kubwerera kukhitchini. Kaya ndawalakwira chiyani, kaya ndakalamba ndayamba kunyansa."

"Anti, chonde," anatero Jenifa.

"Ndisiye ndinene. Munthu wapita nawo kumanda mawu amenewa. Ndiwasunge ndekha?"

Ndinangofunsa kuti zinachitika kangati. Anati achemwali awo sankawerenga.

Ine ndinkaona kuti masiku amenewo Magdalena wachepetsa kubwera pakhonde. Tiyi ndinkampeza patebulo atavindikira ndi sosa. Ndinkaganiza kuti mawondo akumuvuta. Ndinamugulira mankhwala opaka.

Loweruka, 9 Juni

Dokotala Rafaeli anafunsa za fomu. Ndinati malo angawo apatse wina, wa ana aang'ono. Anati atenga ngati sanamve, afunsanso Lolemba. Likadutsa Lolemba masana, dzina achotsa.

Jenifa wachapa malaya anga, wayanika, sakundilankhula.

Mutu ukuwawa pamphumi. Panado awiri.

Maso ndiwafuniranji.

Lamulungu, 10 Juni

Amayi a mphakati wathu wa ku Chilomoni anabwera atatu ndi Ukaristia. Anaimba motsitsa mawu, anasiya nthochi ndi malalanje. Polankhula ankasamala kuti asatchule Magdalena, ndiye dzinalo linadzaza wodi yonse.

Mayi Zeinabu, akazi awo a Hussain, akusala, poti ndi Ramadhani. Masana amawamwetsa amuna awo phala ndi supuni, iwo milomo itauma. A Hussain dzanja la kumanja layamba kulemera, supuni imawagwa. Pakamwa pokha ndi pamene sipanafooke.

"Achimwene, za Lachisanu ndinamva zonse. Musandiimbe mlandu, makutu alibe zivindikiro. Ndiye mwaganiza zodzilanga?"

"Sindikudzilanga. Ndatopa basi."

"Mwatopa. Nanga mukachita khungu, wokutsogolerani kuchimbudzi adzakhala ndani? Si mwana yemweyu wagona pasimentiyu? Mlandu mwadziweruza nokha, koma ukaidi wake akagwire Jenifa."

"Bambo, asiyeni anthu," anatero mayi Zeinabu.

"Ndiwasiya Lachitatu. Akundiswa, ndiye ndilankhuliretu. Ine akanandiuza kuti zanga zituluka pamphuno, bwenzi nditasaina ndi manja onse awiri, ngakhale lakufali."

Sindinasaine. Koma madzulo ndinayang'ana Jenifa akupinda zovala. Ali ndi imvi pamwamba pa khutu. Sindinkadziwa.

Bipi 154/92.

Lolemba, 11 Juni

Jenifa sanapite kuntchito. M'mamawa anakwera minibasi kupita ku Bangwe, anabwera ndi a Petronela nthawi ya raundi, atawanamiza kuti ndafooka. Atandipeza ndikumwa phala anafuna kubwerera pomwepo. Jenifa anawatchingira njira.

Zikuoneka kuti anapangana kale ndi Dokotala Rafaeli. Dokotalayo sanawaonetse pepala. Anatulutsa m'thumba magalasi oyera amene amavala kuthiyeta pochita opaleshoni, atamata pulasitala theka la kunja la galasi lililonse, ndi m'mbali momwe.

"Mayi, valani awa. Khalani pabenchipa. Gwirani kope la bambowa, muziyang'ana patsamba pokha. Mwana wanuyu abwera kudzakupatsani moni. Mukamuona munene."

"Ine si wodwala."

"Ndikudziwa. Mphindi imodzi yokha."

Anavala, milomo atalimbitsa. Jenifa anazungulira bedi, anabwera cha kumanzere kwawo. Palibe anamuuza kuti agwade, ndipo sindikumbuka kuti anagwadirapo munthu chikulireni, koma anagwada. Wodi yonse inkangoyang'ana. Ngakhale a Hussain. Ine ndinatembenuza mutu wonse kuti ndione bwino: mwana ali pafupi moti mpweya wake ukanawafika, iwo maso ali patsamba.

"Nanga mwanayo abwera liti?" anafunsa a Petronela.

Jenifa anawagwira bondo. "Ndafika kale, anti."

Anadzidzimuka, kope linagwa. Anavula magalasi, anawayang'ana, anawabweza kwa dokotala ndi manja awiri. Dokotala anapitiriza raundi. Jenifa anapita kukatunga madzi amene sitinkawafuna.

Tinatsala awiri. Kenaka a Petronela anati:

"Alamu, tsiku lija ku Bangwe achemwali anandifunsa. Akuti, kodi ndiwafunse? Ndiwagwedeze paphewa? Ine ndinati ayi. Ndinati mkazi sapempha kuonedwa. Mwamuna akayamba matama umangomusiya, amatopa yekha. Ine wamng'ono, koma anandimvera."

Misozi inkangotsika, osaipukuta.

"Akanakugwedezani kamodzi kokha, bwenzi titadziwa kuti maso akudwala."

Ndinati, "Inenso ndikanafunsa kamodzi kokha kuti tiyi wasiyiranji kubwera pakhonde."

Palibe anapepesa mnzake. Woyenera kumupepesa panalibe.

"Fomu ija ili kuti?"

Ndinaloza pilo. Anaitulutsa okha, anaiwongola pabondo.

"Sainani. Khungu losadziwa latiphera munthu. Lodziwali mukufuna litipherenso ndani?"

Ndasaina 11:40. Siginecha yatuluka kunja kwa mzere.

Masana kunabwera dokotala wogonetsa. Anandiyang'ana kukhosi, anagwedeza mano, anati awiri akugwedera, asamala. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa. Anandiphunzitsa kupuma ndi pakamwa, poti ndikadzuka mphuno zidzakhala zotseka. Kunabweranso dokotala wachizimayi, mmodzi wa ochokera kunja aja, amene adzagwire kachitsulo. Wamfupi, manja ang'onoang'ono ozizira. Anayesa "muli bwanji", wodi yonse inamuyankha. Akuti adzadula timafuta pang'ono pamimba panga totsekera bowo la kuseri kwa mphuno. Ndinati afufuze bwino, mafutawo sindikudziwa ngati alipo.

Jenifa wayambanso kundilankhula. Wandiwenga zikhadabo.

Lachiwiri, 12 Juni, m'mawa

6:30. Andiveka chovala chotseguka kumbuyo. Bipi 162/96, akuti ndi mantha. Korona wanga wopempherera ndapatsa Jenifa. A Hussain akuti ndikawauze azunguwo asatope kwambiri, mawa kuli dzungu.

Magdalena, sindinasiye kukuyang'ana. Sindinkakuona. Ndilibe kwina kokanena.

Akubwera ndi bedi la mateyala.

Lachinayi, 14 Juni

Ndili moyo.

Chipinda cha odwala kwambiri. Mphuno atseka ndi thonje. Kukhosi kwauma.

Ludzu.

Lachisanu, 15 Juni

Ludzu silikutha. Ndikumwa, zikungotuluka. Mkodzo akuuyeza m'botolo, dzulo malita 4.8. Akuti kachiwalo kaja kadzidzimuka ndi opaleshoni, zimachitika, kadzakhazikika. Andibaya jakisoni wochepetsa.

Zimene wanena Dokotala Rafaeli: opaleshoni inatenga maola atatu ndi theka. Achotsa pafupifupi chonse. Kachidutswa kamene kanamatira mtsempha waukulu anakasiya dala, azikayang'anira ndi sikani. Kamtima kanadumpha kamodzi, kanabwerera kokha. Malamulo: osamina, osawerama, osanyamula kanthu, poyetsemula pakamwa pakhale yasa. Ndikamva madzi amchere akutsikira kukhosi ndiitane anesi msanga.

Andibweza kuwodi, bedi lomwe lija. Kumanja kuli munthu wina, wa ngozi ya njinga yamoto. Ndinayang'ana Jenifa. Anayamba wakonza pilo, wakonza bulangeti, kenaka ananena. A Hussain analowa kuthiyeta Lachitatu. Chotupa chinali chitazika mizu. Anamwalira dzulo m'mawa, anawaika dzulo lomwelo masana, monga mwa mwambo wawo. Lero ndi Idi. Mayi Zeinabu pochoka anasiyira Jenifa beseni ndi sopo wotsala.

Uthenga wa a Hussain uja, wa dzungu, sindinaufikitse. Anandigonetsa ndisananene.

Akuti ndisalire, misozi imadzaza mphuno. Ndagwira chitsulo cha bedi.

Loweruka, 16 Juni

Madokotala akunja apita. Dokotala wachizimayi uja anadutsa kudzatsanzika, anandifunsa zala zingati. Zitatu.

Kutentha kwa thupi 37.9. Mkodzo malita 3.1. Bala la pamimba likuwawa kuposa mutu.

Maso atupa. Wodi ikuoneka ngati aikuza, koma mwina ndi mankhwala.

Lamulungu, 17 Juni

Achotsa thonje m'mphuno. Sindinkadziwa kuti m'mphuno mungalowe nsalu yaitali chonchi. Nesi ankakoka, ikungobwera, ine ndikugwira dzanja la Jenifa ngati mwana ndi ine. Magazi pang'ono. Madzi oyera sanatuluke, akuti n'zabwino.

Fungo sindikumva lililonse. Akuti libwerera pakapita masabata. Masana kunali nyemba. Ndadya.

Ndayenda mpaka kukhomo la wodi n'kubwerera, Jenifa atandigwira. Sindinagunde bedi la munthu.

Lolemba, 18 Juni

Thupi 36.8. Mkodzo malita 2.2. Mchere wa m'magazi 138, akuti uli m'malo mwake. Jakisoni asiya. Kapiritsi koyera kaja ndizimwabe, mwina moyo wanga wonse, ndipo ndikadwala malungo ndiziwonjezera.

Dokotala Rafaeli anakhala moyang'anana nane, anati ndiyang'ane mphuno yake osasuntha. Anatambasula mkono, anayamba kubweretsa zala kuchokera kumbali, akuzigwedeza. Kumanja ndinaziona zili kutali. Anamwetulira. Kumanzere zinachedwa, koma zinafika, pamalo pamene sabata yatha panalibe kanthu. Osati zala zenizeni. Chinthu choyenda m'chimbuuzi.

"Zina zibwerera m'miyezi ikubwerayi, zina sizidzabwerera," anatero. "Mtsempha wofinyidwa nthawi yaitali uli ngati udzu umene unali pansi pa mwala. Mwala tachotsa. Tione umene udzuke."

Bedi la kumanzere kuli a Bonifasi a ku Machinjiri, ovulala msana. Ndinkadziwa kuti kuli munthu, koma sitinachezepo. Lero m'mawa ndikuyang'ana kudenga ndinaona dzanja likukwera. Ndinakweza langa.

"Ha, lero ndiye mwayankha," anatero. "Masabata awiri ndikukukwezerani dzanja m'mawa uliwonse. Ndinauza akazi anga kuti mkulu uyu ndi wamatama, kaya anali bwana kuti."

Ndinawafotokozera. Anaseka, anati palibe kanthu. Iwo zinawathera pomwepo. Masabata awiri okha, ndipo ali moyo kuti amve.

Lachiwiri, 19 Juni

Akuti anditulutsa Lachinayi. Kubweranso pakatha masabata asanu ndi limodzi, kuyezetsa maso ndi magazi. Sikani pakatha miyezi itatu. Jenifa wabwerera kuntchito lero, afika madzulo.

Masana, nthawi ya alendo, ndinali nditakhala tsonga, kope lili pamiyendo, ndikukopera mayina a mankhwala opita nawo kunyumba. Ndiye kumanzere, kumalire kwenikweni kumene kuona kwangobwerera, kunalowa munthu. Sanalankhule. Anayenda pang'onopang'ono, anaika kanthu pansi, n'kugwada pambali pa bedi. Nkhope sinkaoneka, kumeneko kukadali chimbuuzi. Koma msinkhu, mapewa, kapendekedwe ka mutu. Ndi chitenje chobiriwira cha madontho achikasu, chimene ndinagula ndekha mumsika wa Limbe zaka zitatu zapitazo.

Ndinadziwa kuti ndi a Petronela. Zovala za malemu anagawana pambuyo pa maliro, ine ndilipo. Ndinadziwanso kuti akundiyesa monga dokotala anawayesera iwo. Chofunika chinali kungocheuka n'kunena kuti ndakuonani.

Sindinacheuke. Ndinayang'anitsitsa patsamba. Nthawi yonse imene ndinali ndisanacheuke anali Magdalena, atagwada pamalo pake, akudziwa kuti ndamuona, akudikira kuti ndimalize ndime. Ndinawerenga mayina a mankhwala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinayambiranso. Ndikuganiza kuti ndinayambiranso kachitatu.

Kenaka mapewa aja anayamba kunjenjemera. Anakweza mawu kuti afike kukhutu labwino.

"Alamu. Alamu, sizinatheke?"

Ndinatseka kope, ndinacheuka. Nkhope yawo, osati ina. Maso atafiira.

"Zatheka, alamu. Ndinakuonani mukungofika."

"Ndiye osacheuka bwanji? Mwandiopsa. Ndimati mwina azungu aja angokutokosani chabe."

Ndinayang'ana chitenje. Nawonso anachiyang'ana, anachisisita pabondo ndi chikhatho.

Sanadzuke. Anakoka fulasiki n'kuiika pamiyendo, anaweramitsa mutu pang'ono.

"Tsegulani kopelo," anatero. "Tiyi akadali wotentha. Ndidikira."

Ndinatsegula. Patsamba sipankaoneka kanthu, zilembo zonse zinali m'madzi. Koma kumanzere ndinkaonako.